Loweruka la Ba Sepiso

Nakatindi, Livingstone
11 Ogasiti 2024

Wokondedwa Nankhoma,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa amayi, ndi wa kamwana kathu Yasinta. Mano atuluka angati tsopano? Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine cha fumbi chimene chagwira aliyense.

Musadabwe kuona kalata ya papepala ngati nthawi ya agogo anu a ku Joni. Foni ija ndatopa nayo. Ndikaimba, alamu anga a Lefani amaima pompo kudikira foni yawo, khutu lili tcheru, ndiye munthu ungamuuze chiyani mkazi wako? Timangothera pa muli bwanji, kaya inu. A Sinyinda, dalaivala wa lole amene amadutsa pa Mchinji kawiri pamwezi, avomera kumasiya makalata pa golosale ya achemwali anu pa boma. Mayankho muzisiya pomwepo.

Nkhani yaikulu ndi iyi: kauzeni abambo mfumu kuti pa Khirisimasi ndiliko, alembe dzina la Yasinta pa ana obatizidwa. Tchuthi changa chatuluka, kuyambira pa 18 Disembala mpaka pa 3 Januwale. Ndikudziwa kuti ndinalonjeza chimodzimodzi pa Pasaka, inu n'kuimitsa ubatizo, ine osaoneka. Manyazi ake ndikadali nawo. Koma ulendo uno si zapakamwa, zamatidwa pakhoma la ofesi.

Mmene zinakhalira ndi motere. Pa loji pano abweretsa chinthu chatsopano m'kompyuta, nzeru za makina, eni ake amati AI. Umachilembera ngati ukulembera munthu, icho n'kukuyankha, mwaulemu kuposa ana a masiku ano. Poti wosunga kaundula wa antchito ndine, manejala wathu watsopano, Ba Fabian (kuno aliyense ndi Ba, inenso ndine Ba Geva), anati ndichipatse mayina athu tonse ndi masiku amene alendo asungitsa zipinda, chitikonzere ndandanda wa ntchito mpaka Januwale. Ntchito imene ndinkakanda nayo mutu masiku atatu, chinaitsiriza tiyi wanga asanazizire. Anzanga achitcha Kalaliki Wopanda Mimba, poti sichifunsa za nkhomaliro. Ndiye Kalalikiyo ndi amene wandipezera mpata wa Disembala. Akanakhala ndi mimba ndikanamuphera tambala.

Kangachepe ndatumiza kudzera kwa ejenti uja. Gulani chimanga chisanakwerenso. Tonde musagulitse, ngakhale a mabutchala akunyengerereni motani, ameneyo ndi ndiwo za pa ubatizo.

Ndamva kuti amalume anu a Chikaonda akuti ndasanduka mtchona. Auzeni kuti mtchona satchula tsiku lobwera.

Chithunzi cha Yasinta chimene a Lefani anatumiza mu Julaye ndinakatsukitsa m'tauni, chili pakhoma kumutu kwa bedi. Mphumi ndi yanga, asakunamizeni a kwanu. Miyezi isanu ndi inayi mwana ali padziko, bambo wake sanamvepo kulemera kwake pamkono. Zimandiwawa, Nankhoma, ndipo inu ndakusowani kwambiri.

Ndine wanu uja,
Gerevazio

15 Seputembala 2024

Amake Yasinta,

Ndikhulupirira kuti nonse mwadzuka bwino. Yanu ndalandira, ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Mwati mwana wayamba kuimirira atagwira mtondo. Munsi muziuika kutali.

Kuno dzuwa lakwiya. Magetsi akubwera maola ochepa, tsiku lina osaoneka n'komwe. Mathithi aja ndinkakusimbirani kuti mkokomo wake umamveka uli kutali, mbali yathu ino angotsala timizere ta madzi pathanthwe. Alendo akuyamba afunsa ngati madzi alipo asanabwere. Tsiku lina Kalaliki anakonzera mzungu wina yankho loti abwere ndi chovala cha mvula, chifukwa adzanyowa ndi nthunzi ya mathithi. Mwayi wake ndinawerenga ndisanatumize. Anazitenga m'kabuku kathu kotsatsa malonda, kolembedwa nyengo ya madzi ambiri. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene walemba ndimachiwerenga kawiri. Nzeru ali nazo, koma sanatulukepo panja.

Ndikuuzeni choseketsa: mwamuna wanu tsopano ndi katswiri wosita mashiti a pabedi. Pali mayi wina kochapira, Ba Sepiso, Mlozi wa ku Senanga, wamasiye, akulera ana atatu. Ndi wa Sabata, Loweruka sagwira ngakhale tsache. Koma mwini loji, amene amakhala ku Lusaka, anaika lamulo kalekale loti aliyense agwire tsiku limene walembedwa, kusinthana ayi. Ndiye anthu anapeza njira yawo. Loweruka timamugwirira mosinthana atatu: Winnie, mnzake wa kochapira komweko, Ba Muyunda oyendetsa boti, ndi ine. Iye amatibwezera Lamulungu, ife n'kupita ku tchalitchi. Zakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi, ine ndinazipeza. Palibe pamene zinalembedwa. Manejala wakale ankadziwa n'kumayang'ana kumbali. Ba Fabian, poti kumapeto kwa sabata amakhala kunyumba kwawo ku Nottie Broadie, mbali ina ya tauni, amangoona mashiti oyera Lolemba.

Pageti pali kamakina kodinda chala pofika pantchito. Loweruka lililonse kamalemba kuti Ba Sepiso ajomba, ndipo akadinda Lamulungu sikawerengera, poti si tsiku lawo. Palibe amene amaziwerenga zimenezo, choncho sitidandaula. Kalaliki nayenso wawaika Loweruka lililonse mpaka Januwale. Ndinaziona, ndinati tidzaona pofika.

Dzulo linali Loweruka langa. Lero m'mawa Ba Sepiso anabwera kudzayendera ntchito yanga, n'kupeza shiti lina long'ambika pakati limene a ofesi anati litayidwe. Analitambasula n'kuliyang'ana m'mbali.

"Ba Geva, iyi nsalu ikali bwino. Nizasokela mwana wanu diresi ya ubatizo. Ni mukulu bwanji? Nilangizeni."

Ndinatambasula manja, kenaka ndinawabweza pang'ono, kenaka ndinawatambasulanso.

"Imwe bamuna! Mwana wanu simumuziba?"

Anaseka, inenso ndinaseka, koma nditalowa mu ofesi ndinakhala nthawi osagwira kanthu. Pamapeto tinayeza ndi maso pa chithunzi chija.

Denga la khitchini auzeni a Lefani akonze mvula isanafike. Udzu usakhale wa ku dambo la kumunsi, umaola msanga.

Wanu,
Gerevazio

13 Okutobala 2024

Nankhoma,

Moni kwa inu ndi onse pakhomo. Chifuwa cha amayi chili bwanji? Ine thupi lili bwino.

Njovu zinalowa m'komboni Lachinayi. Zathyola mpanda wa eni nyumba anga n'kudya mango osakhwima ndi repu yense wa padimba. Nazonso njala yazipana. Ufa wakwera kawiri mwezi uno, ndipo kapenta tikungomuona ndi maso.

Pantchito zinthu zasokonekera pang'ono. Alendo achepa, ndiye mwini loji walamula kuti munthu mmodzi achotsedwe pakutha pa Novembala. Ba Fabian anandiitana n'kutseka chitseko.

"Ba Geva, ine ni mlendo pano. Nikasankha neka bazakamba ati uyu muBemba azonda baLozi. Funsani chabe kompyuta, ilibe mutundu."

Anati ndimupatse Kalaliki zonse za kamakina ka pageti za chaka chathunthu, atiuze amene amajomba kwambiri. Ndinamupatsa. Dzina linatuluka nthawi yomweyo. Si langa, musadandaule. Pansi pa dzinalo Kalaliki anawonjezera mizere itatu, yoti iye waona zokhazo zimene wapatsidwa, kuti kujomba tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse kumakhala ndi chifukwa, ndipo munthu afunse kaye mwini wakeyo asanagamule kanthu. Ndinawalozera Ba Fabian mizereyo.

"Ivo ni vokamba-kamba chabe, mwandi. Ba bosi bafuna zina, osati buku."

Anatenga sizasi n'kudula pepalalo pansi pa dzina. Ine ndinali pompo. Pakamwa ndinali napo.

Zina ndidzakuuzani pamaso. Tchuthi changa chikadali pakhoma, palibe wachikhudza.

Diresi la Yasinta latha. Ba Sepiso anabwera nalo Lachisanu atalikulunga m'nyuzipepala. Ndi loyera mbee, lamakwinya pachifuwa, mabatani atatu kumsana, ndipo m'mphepete asokamo timaluwa ndi ulusi wabuluu, pamanja. Simungadziwe kuti linali shiti. Ndinafuna kuwapatsa kanthu, anakana, ati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Ndinathokoza ndikuyang'ana pansi. Anandifunsa ngati ndikudwala malungo.

Fetereza musagule kwa mavenda a pamsika, chaka chatha anatigulitsa mchenga. Mupsompsonereni mwana.

Gerevazio

3 Novembala 2024

Mkazi wanga,

Ndikupempha Mulungu kuti ino ikupezeni muli amoyo. Mwadandaula kuti kalata yapitayi inali yozizira. Munaona bwino.

Mwati ndimufunse Kalaliki tsiku limene mvula idzayambe, kuti mbewu isapserenso m'nthaka ngati chaka chatha. Ndamufunsa. Wayankha kuti tsiku sakulidziwa, muzimvera a zanyengo pa wailesi ndi alangizi a zaulimi, ndipo musathire mbewu yonse pa mvula yoyamba. Ndinaseka ndekha. Amalume anu chibadwire sananenepo kuti sindikudziwa. Chitani choncho: theka kumtunda mvula ikagwa kawiri, theka linalo musunge.

Tsopano khalani pansi ndikuuzeni chimene chandiondetsa. Dzina lija ndi la Ba Sepiso. Mwina munadziwa kale, inu simubisidwa kanthu.

Lachiwiri pa nkhomaliro, anzanga atapita kukadya, ndinamuuza Kalaliki zoona zonse: za Sabata, za kusinthana kwathu, ndi Lamulungu lililonse limene mayiyu anagwira m'malo mwathu. Ndinamuuzanso chinthu china chimene aliyense akuchiona koma palibe angachilembe, kuti Winnie ndi woyembekezera ndipo Disembala sadzakhalapo. Zapathupi munthu salengeza, ndiye makina akanazidziwira kuti? Anawerenganso. Anati yankho lake loyamba linali lolakwika chifukwa anapatsidwa nkhani yatheka. Ba Sepiso chaka chonse sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Pa ife tonse, wokhulupirika kwambiri ndi iwowo.

Kenaka ndinati akonzenso ndandanda wa Disembala potengera zoonazo. Masabata awiri a Khirisimasi zipinda zonse ndi zosungitsa. Winnie kulibe, Ba Muyunda adzakhala pamadzi ndi alendo tsiku lililonse, ganyu mwini loji analetsa. Wotsala wodziwa za kochapira ndine. Ndinamufunsa njira zina katatu konse, ngati munthu wokakamira sing'anga. Anayesa uku ndi uku, koma tchuthi changa sichinalowe paliponse.

Ndikakhala chete, Ba Sepiso apita pa 30, kochapira atseka, mashiti azikachapitsa m'tauni, ine ndikwera basi pa 18. Palibe angandiloze chala, aliyense adzati ndi kompyuta. Ndikalankhula, ndiye kuti ndaulula kuti ine wosunga kaundula ndakhala ndikubisa kusinthana kumene bwana analetsa. Khirisimasi yapita, mwinanso ntchito yomwe.

Makina aja sananame, Nankhoma. Anachita kutichenjeza. Wonama ndine, amene ndinakhala chete sizasi ikudula.

Koma ndikufuna kubwera. Ndikufuna kumunyamula mwana wanga pamene akumuthira madzi, ndikufuna amalume anu andione ndikulowa pakhomo masana dzuwa likuswa mtengo. Ndatopa kudya ndekha. Diresi lili m'sutikesi, sindikulitsegula.

Sindikuti mundisankhire. Kapena ndikutero, kaya.

Wanu wosowa mtendere,
Gerevazio

24 Novembala 2024

Amake Yasinta,

Moni. Ndasangalala kumva kuti mvula yagwa kawiri ndipo kumtunda mwabzala. Kuno kwangochita mdima ndi mabingu, madontho owerengeka.

Kalata yanu inali ya mizere inayi, koma inandilemera kuposa thumba la chimanga. Mwati mukundifuna, ndipo ndikapanda kubwera mudzalira. Mwatinso mwana wanu sadzavala diresi la munthu amene bambo wake anamudyera masuku pamutu. Ndinakwiya nanu tsiku lonse, ndisakubisireni. Ndinkayembekeza kuti mudzati bwerani basi, zinazo n'za eni dziko. Ndinaiwala kuti ndinakwatira mwana wa ndani.

Lolemba m'mawa ndinalowa kwa Ba Fabian ndi mapepala awiri, yankho loyamba lonse ndi mizere yake itatu ija, ndi lachiwiri. Anawerenga ataimirira, kenaka anakhala pansi.

"Manje imwe munaziba vonse ivi, munangonkhala zii?"

"Eya, bwana."

"Mwezi wonse?"

"Mwezi ndi sabata."

"Muziba kuti ba bosi bangayambile pali imwe?"

Ndinati ndikudziwa. Anaika chala pa mizere itatu ija. Kenaka anati, motsitsa mawu, "Aya mau ninadula neka." Sanandikalipirenso. Anaimbira ku Lusaka ine ndili pomwepo, ndipo mbali yake ya sizasi anaifotokozanso, zimene sindinayembekeze. Mwini loji akuti abwera yekha kumayambiriro kwa Disembala. Mpaka tsikulo palibe wochotsedwa, komanso palibe akudziwa kuti nkhwangwa igwera mtengo uti.

Masiku ano ndikugwira ntchito ngati munthu woyenda pa ulalo wa mtengo umodzi. Chimene chikundithandiza ndi kuchita za tsiku lomwelo basi. Ndayamba kuyendera anzanga mmodzimmodzi ndi kope, kuwafunsa tsiku lawo lopemphera, tsiku la sikelo ya mwana, ndi amene ali ndi wodwala kunyumba. Zimene munthu walola ndimamupatsa Kalaliki, zimene wati zikhale pakati pathu zimatsala m'kope. Ba Muyunda anandiseka, ati kale kalaliki ankafunsa makina, lero akufunsa anthu.

Kwa abambo mfumu musanene kanthu kaye. Kwa amalume anu, ngakhale kutsokomola. Ngati zingavute, njinga ija musagulitse, ndidzaifuna.

Ndalota muli pamtondo, mwana ali kumbuyo, koma nkhope yake sinkaoneka chifukwa munandifulatira. Ulendo wina mukabwera kutulo mudzatembenuke.

Gerevazio

15 Disembala 2024

Nankhoma wanga,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana ndi amayi. Ine ndili moyo, ndipo ntchito ndikadali nayo. Yambani mwapuma pamenepo.

Mwini loji anabwera. Ndi mayi wamfupi, wosachulutsa mawu. Anatiitana tonse pansi pa mtengo wa kuseri, n'kufunsa Ba Sepiso okha ngati zinali zoona. Atamva, anati sachotsa munthu, koma Febuluwale ndi Malichi, alendo akachepa, aliyense adzakhala kunyumba masabata awiri opanda malipiro, mosinthana. Ena anang'ung'udza, koma mutu umodzi susenza denga, tinavomera. Lamulo loletsa kusinthana lafafanizidwa, bola zizilembedwa. Loweruka la Ba Sepiso tsopano lili pakhoma, lolembedwa ndi zilembo zazikulu. Anatinso makina azithandiza kukonza ndandanda, koma dzina la munthu wochotsedwa lisadzafunsidwenso kwa iwo.

Ine ndalandira kalata ya chenjezo chifukwa chobisa. Ndipo Khirisimasi ndili kuno, kochapira. Winnie anachira Lachitatu, mwana wamwamuna.

Mukuganiza kuti Ba Sepiso anandithokoza? Masiku atatu sanandilankhule. Anamva kuti dzina lawo ndinalisunga m'thumba mwezi wathunthu, pamene iwo anali atabaya zala ndi singano kusokera mwana wanga. Sindikuwaimba mlandu. Tsiku lachinayi anandiunjikira mashiti patebulo n'kunena kuti, "Sitani bwino, Ba Geva, makona yalingane." Ndinadziwa kuti mlandu watha.

Tsopano mverani. Ubatizo musaimitsenso. Mwana wadikira bambo wake kokwana, asadikirenso Mulungu chifukwa cha ine. Diresi ndawapatsa a Sinyinda pamodzi ndi kalata ino, mulinso nsapato zoyera ndi chitenje chanu cha ku msika wa Maramba, chobiriwira, mtundu umene mumaukonda. Tonde aphedwe, anthu adye. A Lefani aime pamalo panga, koma muwauze avale jekete langa lakuda, osati malaya awo a timu ya mpira aja. Ajambule zithunzi zambiri, ndipo chala chawo chichoke pagalasi.

Amalume anu adzalankhula, asiyeni alankhule. Ndinatchula tsiku kawiri ndipo kawiri konse sindinafike, ndiye pakamwa pawo ndawapatsa ndekha chonena. Chokhacho, akamati mtchona, mwana asakhale pafupi. Wayamba kumva mawu.

Pepani, Nankhoma. Ndalemba mawu amenewa n'kuwayang'ana, ndi aafupi kwambiri poyerekeza ndi zimene ndakulandani. Pa 25 nthawi ya Misa yachiwiri ndidzazimitsa ayironi, ndidzaima panja kuyang'ana kum'mawa.

Mwamuna wanu,
Gerevazio

12 Januwale 2025

Wokondedwa amake Yasinta Maria,

Ndalemba dzina lonse dala, ndi la ubatizo lomwe, kuti ndione mmene likuonekera. Chaka chabwino kwa inu nonse. Mwati chimanga cha kumtunda chafika m'chiuno ndipo chakumunsi chamera bwino. Mulungu alemekezeke. Kuno nako yagwa, mtsinje wayamba kukwera, ndipo m'mawa kukakhala bata mathithi ayambanso kumveka.

Zithunzi ndaziona. Chala cha a Lefani chilipo pa zitatu zokha, ayamikidwe. Jekete lawakhala ngati lobwereka, poti ndi lobwerekadi. Inu mwaonda, musandinamize kuti ndi chitenje. Mwati mwana anamenya dzanja la abambo mfumu pomuthira madzi. Ameneyo ndi wa kwanu, kwathu kulibe zimenezo.

Za diresi ndinawawerengera Ba Sepiso, kuti mabatani akumsana anakana kutsekeka mpaka munachita kumanga ndi mapini, ndipo linalekeza pamwamba pa mawondo. Anaseka mpaka kugwira khoma. Ati vuto si telala, telala anasoka zimene anapatsidwa, vuto ndi bambo woyeza mwana pa chithunzi cha Julaye. Sindinatsutse.

Tsiku latsopano lilipo. Masabata anga awiri okhala kunyumba aphatikizidwa ndi tchuthi chija, ndiye ndi mwezi wathunthu, kuyambira pa 9 Febuluwale. Kalaliki ndiye anakonza, koma ulendo uno ndisanamate pakhoma ndinayenda ndi pepalalo kwa aliyense, kochapira, kukhitchini, kuboti mpaka kugeti, kufunsa ngati pali chimene chatsala osanenedwa. Onse anati palibe. Komabe chotsimikizika ndi cha Mulungu yekha, ndaphunzira. Amalume anu musawauze, abambo mfumu musawauze. Muuzeni Yasinta yekha, iye sawerenga masiku.

Chingwe chija ndachipeza pansi pa envulopu. Poyamba ndinayesa chagweramo mwangozi, mpaka nditawerenga kumapeto kwa kalata, pamene mwati mwamuimika mwana pakhoma n'kudula chingwe cha msinkhu wake, kuti ndisiye kuyeza mwana wanga ndi mphepo. Muli ndi pakamwa inu. Ndinatseka chitseko, ndinavula nsapato, ndinaponda nsonga imodzi ndi chala n'kukoka inayo. Chapitirira bondo, Nankhoma. Chikufika pakati pa ntchafu. Ine masiku onsewa m'mutu mwanga ndimanyamula kakhanda pamkono, osadziwa kuti kunyumba kuli munthu woima ndi miyendo yake, amene adzandiyang'ana kuchokera pansi n'kuthawira kuseri kwa chitenje chanu. Ndinakhala pabedi ndi chingwecho m'manja, ndinalira.

Ndachipachika pa msomali pafupi ndi chitseko. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndimagwada mpaka maso anga alingane ndi nsonga yake, kuti mawondo azolowere. Pa 11 basi ikadzanditsitsa, musadzamukakamize kubwera kwa ine. Ndidzagwada pabwalo, ndidzadikira.

Ndine bambo wake,
Gerevazio